Timba, Mlonda wa ku Mkuwazi

Padangokhala. Kalekale, mitengo ya raba ya ku Vizara isanadzalidwe, nkhalango inali yowirira kuchokera ku Mkuwazi mpaka kugombe la Sanga. M'menemo munkakhala Timba, kambalame kofiirira pachifuwa, kokonda kuzembazemba m'zitsamba.

Tizilombo ta pansi pa masamba tinali pamoto. Mvula ikangogwa, linthumbu linkatuluka lili bii, osasiya chamoyo m'njira. Nkhululu, Mphemvu, Chiwala ndi Kangaude anaitanitsa msonkhano patsinde pa mbawa.

Timba anatera pakanthambi. "Abale anga, ine ndili ndi mapiko. Ndikaona linthumbu ndiziimba likhweru, inu muzithawira komwe kuli ine. Malipiro ayi."

"Yewo, ada Timba!" onse anaomba m'manja.

Zinayendadi choncho. Likhweru likalira, tizilombo tinkavumbuluka m'masamba, liwiro kulowera kwa mlonda. Iye ankangoti pansi go! kenako bwerere panthambi. Linthumbu likadutsa, powerengana ena ankasowa. Pamaliro wolira kwambiri anali Timba: "Linthumbu latitha, mayo ine!" Chifuwa chake chinkangonka chikunona.

Tsiku lina mwera unakankhira mtambo wa nkhungu kumtunda, ndipo Nkhungu mmodzi anagwera pamaliro pomwepo. Atamva nkhani yonse anati:

"Pepani eni mudzi. Kwathu kunyanja usipa ukatidya, timadziwa kuti ndi usipa. Amayi akatikola m'dengu lonyowa, timadziwa kuti ndi amayi. Nanga kuno, amene akusowawa bwanji ndi okhaokha othamanga kwambiri, ofika msanga kwa mlonda? Alipo anabwerako n'kudzasimba?"

Pabwalo panati zii. Kenako Mphemvu wamkulu anadzambatuka.

"Iwe mwana wadzulodzuloli, ukunyoza ada Timba? Popanda iwo bwenzi tilipo?"

Anagwirizana kuti mlanduwo aweruze ndi Timba yemweyo, poti ndiye amaona patali. Timba anapendeketsa mutu mwachifundo.

"Sendera kuno, mwana wanga. Makutu anga anagontha ndi kulira maliro."

Nkhungu anasendera. Mlandu unathera pomwepo.

Madzulo ake tizilombo tinapepesa Timba chifukwa cha chipongwe cha mlendoyo, n'kumupatsa ulonda wa moyo wake wonse, pamodzi ndi ana ake.

Mukadzapita ku Mkuwazi nyengo ya dzinja, mukapeza linthumbu lili paulendo, kwezani maso pang'ono. Mudzamuona Timba pakanthambi, kutsogolo kwa mzere. Akadali pantchito.