Tsokonombwe Sadumpha Chammbuyo

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, akutero akuluakulu. Sindikutsutsa, koma anaiwala kutiuza kuti kachilomboka kanali ndi mpamba wochuluka bwanji.

Mwambiwu wandibwerera chifukwa cha alamu anga a ku Capricorn, amene masana amasamalira maluwa ku Constantia, usiku n'kumatchova poker. Sabata yatha anandiuza monyadira kuti akwera tebulo: asiya la R5/R10, tsopano ali pa R25/R50. "Alamu, tsokonombwe," anatero, ngati kuti dzinalo palokha limalipira lendi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa tebulo lotere munthu amakhala pansi ndi R5,000, ndiye kuti kubetcha kwakukulu kwa R50 kuja maulendo 100. Akatswiri amati usakhalepo ngati mpamba wako sungakulowetse maulendo osachepera 20. Ndiye R100,000 imeneyo. Alamu anali ndi R12,000. Tsokonombwe wathuyu anali ndi mphamvu zodumpha kawiri, kachitatu n'kugwera m'nyanja ku Muizenberg.

Sikuti sadziwa kusewera, amadziwa ndithu. Vuto n'lakuti makhadi samva chisoni. Ngakhale utagwira ma ace awiri, mnzako ali ndi ma king awiri, n'kuponya zonse pakati, umadyedwabe pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ndipo kamodzi kameneko kamakonda kubwera ndi abale ake usiku umodzi. Mpamba ntchito yake ndi yoti uzidyedwa katatu, kanayi, mawa n'kukhalabe ndi mpando.

Apa ndi pamene mwambi ukuperewera. Tsokonombwe amangodumphira kutsogolo. Wa poker wanzeru amadumphanso chammbuyo: mpamba ukachepa, amabwerera pa tebulo laling'ono. Chris Ferguson, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 2000, anayamba wopanda ndi senti yomwe pa intaneti mpaka kufika $10,000, lamulo lake lili lakuti asalowe pa tebulo ndi ndalama zoposa 5 peresenti ya mpamba wake. Zikavuta ankatsika, wopanda manyazi.

Ife manyaziwo ndi amene atipha. Munthu amene wavala jekete, wakwera sitima mpaka ku Goodwood, walowa mu kasino ya GrandWest anzake akumuona, mumuuze kuti abwerere kukasewera ndi anyamata a ma R5? Bola afe. Ndipo ndi Mmalawi yemweyo amene akapita kumudzi pa Khirisimasi sangatsike basi wopanda chikwama chatsopano.

Choopsa kwenikweni sichiseketsa. Kwa ambiri a ife kuno mpamba, lendi ndi ndalama yotumiza pa Mukuru zimagona m'thumba limodzi. Ukadyedwa pa tebulo, amene wadyedwa ndi mwana wa fomu 3 ku Mangochi. Ndalama imene sungaitaye osalira si mpamba, ndi ufa. Wosewera ndi ufa amanjenjemera, ndipo anzake pa tebulo kunjenjemera amakununkhiza ali patali.

Alamu ndikawauza zimenezi amandiyankha ndi Archie Karas, Mgiriki uja anafika ku Las Vegas mu 1992 ndi $50 yokha, n'kubwereka ndalama zina, n'kuzidumphitsa mpaka $40 miliyoni. N'zoona, zinachitikadi. N'zoonanso kuti mu 1995 zonsezo zinapita pa masabata ochepa chabe. Nkhaniyi alamu amaidziwa yonse, koma akamaifotokoza amailekeza pa 40 miliyoni, n'kufunsa ngati ndili ndi R500 yoti adzabweze Lachisanu.