Ulemu kwa Mount, Kaliwu Kosakana Ganyu

M'Chingerezi muli mawu aulesi amene amagwira ntchito imodzi moyo wawo wonse. Mount sali m'gulu limenelo. Kaliwu ka zilembo 5 aka kamazunguza mitu ya ana asukulu, koma olemba madikishonale amakavulira chipewa chifukwa kamawadzazira tsamba popanda kudandaula.

Kwawo n'ku Chilatini, kumene mons ndi phiri, ndipo kanakulira m'Chifalansa. Mpaka lero kamaima kutsogolo kwa mayina a mapiri ngati kapitawo: Mount Everest wa mamita 8,849, ndi Mount Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Ulemu wonsewo sunakakwanire. Mngerezi akakwera hatchi, ndi mount. Hatchiyo, yomwe yangosenza munthu, ndi mount. Apolisi a ku Canada, amene gulu lawo linayamba mu 1873 likuyenda pa akavalo, amatchedwabe Mounties ngakhale masiku ano amalondera pa galimoto. Nayo nkhunzi ikakwera ng'ombe yaikazi, kaliwu komweka kamapezeka pakhola, kopanda ndi manyazi omwe.

Kukwera kutakatopetsa, kanaphunzira kupachika. Wokhoma TV pakhoma, wolowetsa tayala pa rimu, womangirira mwala wa dayamondi pamphete, onsewa amakalemba ganyu tsiku limodzi. M'makompyuta kanalowa kalekale: Unix ya mu 1971 inali kale ndi lamulo lotchedwa mount, ndipo mpaka pano pa Linux fulashi sionetsa mafayilo ake lamuloli lisanagwire ntchito.

Koma chosangalatsa kwambiri ndi abale ake. Paramount, liwu limene boma limalemekezera mafumu akuluakulu monga Inkosi ya Makosi Gomani ndi M'mbelwa, ndi wa m'banja lomweli. Amount, ndalama zija zolembedwa pansi pa risiti, ndi mbale wawo. Ndiye pali mountebank, wochokera ku Chitaliyana: munthu wokwera pa benchi pamsika n'kumatsatsa mankhwala abodza ochiza nthenda iliyonse. Mfumu, risiti ndi tambwali, agogo awo ndi mmodzi, phiri la ku Roma lija. Ndi banja liti lina limene lingakhazike atatuwa pamphasa imodzi?

Ngongole zikamaunjikana, Angerezi amaitananso kaliwu komweka, ndipo pa ganyu ameneyu sikachedwa kufika.