Mtengo wa nkhuku ku Magomero

Akuti Angerezi ophunzira Chikatalani, chilankhulo cha ku Barcelona, amadandaula kuti tebulo, "la taula", ndi lalikazi pomwe buku, "el llibre", ndi lalimuna. Magulu awiri okha, iwo thukuta kamukamu! Akanafunsa agogo awo, a Bishopu Mackenzie ndi anzawo, omwe adafika kuno ku Magomero mu 1861 n'kukumana ndi Chimang'anja. Kuno timati mwana wanga, chingwe changa, dengu langa, kambuzi kanga, timbuzi tanga, ndipo apa tangoyamba kumene. Ndimangoyerekeza mmodzi wa agogowo akufunsa mtengo wa nkhuku, liwu n'kutsetsereka pang'ono, anthu n'kumulozera mkuyu womwe nkhukuzo zimagonamo. Inu ophunzira Chikatalani, pukutani misozi, zanuzo n'zachibwana.