Ulemu Upite kwa a Chindapusa, Alonda a Tsiku la Ulendo

Pa nkhani za ndege anthu amatamanda oyendetsa, amisiri okonza injini, ndi anyamata ndi atsikana aja otilandira pakhomo mano onse ali pamtunda. Ntchito amagwiradi. Koma alipo ena amene amagwira usana ndi usiku, Lamlungu ndi pa Khirisimasi pomwe, osadwala, osapita kutchuthi, osachita sitalaka, ndipo palibe anayamba wawaombera m'manja. Munthu akamawatchula amayamba watsonya. Ndikunena a Chindapusa, aja amatulukira mukangoti, "Ndimafuna kusintha tsiku la ulendo." Kwathu kuno munthu timamuyamikira atagona m'bokosi. Ine ndati ndiwanenere zabwino akadali moyo, makamaka poti sakuonetsa chizindikiro chilichonse choti amwalira msanga.

Munthu wamkulu sasowa mtundu, ndipo a Chindapusa si mwana wotola panjira. Kuchimake kwawo ndi ku America. Kufikira m'chaka cha 1978, mitengo ya matikiti a ndege m'dzikomo inkavomerezedwa ndi bungwe la boma lotchedwa Civil Aeronautics Board. Chaka chimenecho Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lomasula makampani kuti azidziikira okha mitengo, mpikisano n'kubuka. Makampani monga American Airlines, imene inayamba mu 1977 kugulitsa matikiti otchipa a Super Saver, anali ndi funso lovuta. Tigulitsa bwanji mpando motchipa kwa agogo opita kukaona zidzukulu, popanda bwana wa kampani, amene angathe kulipira katatu, kuugulanso pamtengo womwewo? Nzeru inali yomanga mpanda mozungulira tikiti yotchipayo: ugule kudakali masabata angapo, ukagone Loweruka kumene ukupitako, ndalama sibwezedwa, ndipo ukafuna kusintha tsiku ulipire. Bwana wa misonkhano yosinthasintha sakanalowa mu mpanda wotere. Pachipata pa mpandawo ndi pamene anakhazika a Chindapusa, ndipo kuchokera pamenepo afalikira dziko lonse, mpaka pabwalo la Kamuzu ndi ku Chileka anafika kalekale.

Ubwino wawo woyamba ndi wakuti ndi mphunzitsi. Amaphunzitsa munthu kudziwa za mawa. Taganizirani m'bale wathu wogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Leeds, amene wasunga ndalama chaka chonse n'kugula tikiti mu Ogasiti kuti adzafike kumudzi mu Disembala. Kenako ankhoswe asuntha chinkhoswe chifukwa akuchimuna sanakonzeke. Kapena pasipoti yachedwa ku ofesi ya viza. Kapena adokotala asintha tsiku loti mayi achitidwe opaleshoni. Kapena foni yalira pakati pa usiku, ndipo aliyense wokhala kunja amadziwa tanthauzo la foni ya nthawi imeneyo. Akale anati chakudza sichiimba ng'oma, koma akalewo sanakwerepo ndege. A Chindapusa amafuna chakudzacho chiimbe ng'oma kudakali miyezi inayi, chitchule tsiku ndi ola lomwe. Wolephera ulosi amalipira. Kodi pali sukulu ina imene inayesapo kuphunzitsa anthu wamba uneneri mwakhama chotere?

Ubwino wachiwiri ndi wokonda abale. Sayenda okha. Mukawaitana amabwera ndi mbumba yonse, ndipo aliyense amafuna mbale yakeyake. Khalani pabenchi mu ofesi yogulitsa matikiti tsiku lililonse, mudzamva kukambirana kotere.

"Ndimati mundisinthireko tsiku, mayi. Ndinyamuke Lachisanu m'malo mwa Lachiwiri."

Mayiyo apempha nambala ya bukingi, zilembo zisanu ndi chimodzi zija, agogoda kompyuta, n'kukhala chete kanthawi. Kukhala chete kumeneku wodziwa amayamba kugwira m'thumba.

"Zitheka bambo. Chindapusa ndi madola 150. Komanso mipando ya mtengo munagulira uja yatha pa Lachisanu, ndiye muwonjezera madola 280. Kuphatikizapo ya ofesi yathu."

"Ndege yake si yomweyo?"

"Ndi yomweyo bambo."

"Mpando wake?"

"Mwinanso womwewo."

Bamboyo ayang'ana kudenga, kumene kulibe yankho. Tikiti anaigula madola 600, ndipo kusuntha masiku atatu kukufuna kudya ndalama yoposa magawo awiri mwa atatu a mtengowo. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma aliyense amene anakhalapo pabenchipo awazindikira nkhope.

Wa madola 280 uja ndi mng'ono wawo, a Kusiyana kwa Mtengo, ndipo nthawi zambiri ndi wonenepa kuposa mkulu wake. Chinsinsi chake n'chakuti mipando ya kumbuyo kwa ndege, ngakhale ikufanana ngati mapasa, imagulitsidwa m'magulu okhala ndi zilembo. Chilembo Y ndi cha tikiti ya mtengo wathunthu imene mwini wake amasintha mmene akufunira. Pansi pake pali zilembo zina, chilichonse ndi mtengo wake ndi malamulo ake, ndipo zotchipa zimayamba kutha. Mukasintha tsiku, tikiti yanu imawerengedwanso pa chilembo chimene chatsala lero. Mtengo ukakhala kuti wakwera, mulipira. Ukakhala kuti watsika, pa matikiti ambiri otchipa chotsalacho simuchiona, kapena amakusungirani kuti mudzayendere ulendo wina womwe simunaukonze. Mng'ono ameneyu amadziwa kuwerengera mbali imodzi yokha, ndipo sanalakwitsepo.

Kumbuyo kwa onse kumabwera malume awo, a Simunabwere. Awa ndi aulemu kwambiri, salankhula. Mukalephera kukwera ndege yoyamba osadziwitsa kampani, iwo amafufuta mwakachetechete maulendo onse otsala pa tikitiyo, wobwerera womwe. Munthu amadzazindikira ali pakauntala ndi masutikesi awiri, ufa ndi usipa zili m'kati, kuti dzina lake mulibe.

Banjali lilinso ndi mwayi wa ndalama. Mitengo ndi zindapusa za maulendo ambiri opita kunja zimalembedwa m'madola, n'kusinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa tsiku lolipira. Mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, a Chindapusa ananenepa usiku umodzi osadya kanthu. Amalonda ena onse anathamanga kukasintha mitengo m'mashelefu. Iwo anangogona, kutacha n'kupezeka akula.

Ubwino wachitatu ndi kudzichepetsa. Simudzawaona pa chikwangwani cha malonda. Pamenepo pamakhala mtengo wotchipa uja, m'zilembo zazikulu zofiira. Iwo amakhala pansi penipeni pa tsamba, kuseri kwa kabokosi kamene timachonga kuti tawerenga malamulo pamene sitinawerenge. Amalankhula m'zidule monga NONREF, kuti asadzionetsere. Ndipo taonani kuchepa kwa thukuta lawo. Kale tikiti inali kabuku ka mapepala a kaboni wofiira, ndipo kuisintha kunkafuna kalaliki alembe ina. Mu 2008 bungwe la makampani a ndege la IATA linathetsa matikiti a mapepala. Lero kusintha tsiku ndi kugogoda mabatani ochepa, ndipo kawirikawiri mumagogoda ndinu nomwe pa foni yanu, ndi bandulo yanu. Kulandira malipiro pa ntchito imene wagwira ndi wolipirayo ndi luso limene aganyu onse a m'dziko muno akanafuna kuliphunzira.

Adani awo amati amakolola posalima. Apa ndiwateteze, chifukwa mfundo ali nayo. Ndege ikanyamuka ndi mpando wopanda munthu, mpandowo watayika, sudzagulitsidwanso. Anthu akanakhala omasuka kusintha nthawi iliyonse, ena akanagwira mipando yotchipa n'kuitaya pa ola lomaliza. Izi n'zoona. Koma nzeru za a Chindapusa zimaonekera pamene mwasintha kudakali miyezi iwiri. Mpando mwausiyawo kampani imaugulitsanso, mwina pamtengo wokwera chifukwa tsiku layandikira, inu n'kulipiranso chindapusa chopepesera kutaya kumene sikunachitike. Mpando umodzi, ndalama kawiri. Wina anene kuti si nzeru zimenezo.

Ubwino wachinayi ndi kulemekeza akuluakulu. A Chindapusa analeredwa bwino, sasowetsa mtendere anthu olemera. Wa tikiti ya mtengo wathunthu, kapena bwana wokhala kutsogolo kuseri kwa katani pa tikiti yosinthika, amasintha tsiku ali m'galimoto popita ku bwalo la ndege, osalipira chindapusa. Amene amawayendera ndi wophunzira, wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, mayi wa geni wopita kukaoda katundu, onse amene anasankha tikiti yotchipa chifukwa ndiyo imene thumba linalola. Ndipo poti moyo wa wosauka ndiwo umasinthasintha kwambiri, chifukwa tchuthi chake chili m'manja mwa abwana ndipo viza yake ili m'manja mwa kalaliki, makasitomala a Chindapusa sadzatha.

Ubwino wachisanu ndi kukhulupirika kwa mbuye wawo. Inu mukasintha tsiku, mumalipira. Kampani ikasintha tsiku, imakutumizirani imelo yopepesa, ndipo a Chindapusa amayang'ana kumbali ngati sakumva. Mayiko ena anaona kuti kukhulupirikaku kwanyanya. Ku Ulaya, lamulo nambala 261 la chaka cha 2004 limakakamiza kampani kupepesa ndi ndalama, kuyambira mayuro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ikalepheretsa ndege osakudziwitsani kudakali masiku 14, pokhapokha chifukwa chake chikhale chosapeweka monga nyengo yoipa. Ku America, lamulo la 2024 limati kampani ikasuntha ulendo wa m'dzikomo ndi maola atatu, kapena wakunja ndi maola asanu ndi limodzi, wokana kusinthako abwezeredwe ndalama zake. Koma wochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg malamulo amenewa samufikira. Iye amalandira pepani wake, wosachotsedwa msonkho.

Chachikulu pa zonse ndi chakuti a Chindapusa analawapo imfa n'kudzuka. Mu 2019 makampani a ndege a ku America anatolera madola pafupifupi 2.8 biliyoni kuchokera ku zindapusa zosintha ndi kulepheretsa maulendo. Chaka chotsatira mliri wa Covid-19 unaimika ndege pansi, anthu n'kumaopa kugula tikiti ya tsiku limene sakudziwa ngati malire adzakhala otsegula. Pa 30 Ogasiti 2020, United Airlines inalengeza kuti yathetsa chindapusa cha madola 200 pa maulendo a m'dzikomo, ndipo Delta ndi American zinatsatira mawa lake. Chimene anthu ankauzidwa kuti ndi mzati wa bizinesi ya ndege chinazulidwa m'masiku awiri, ndipo ndege sizinagwe. Kampani ya Southwest inali itayenda kale zaka zambiri popanda chindapusachi. Adani anavina, n'kumati apa zaoneka kuti ndalamayo sinali yolipirira ntchito, inali yotengedwa chifukwa wolipirayo analibe kothawira. Koma anavina msanga. Matikiti otchipitsitsa, aja a Basic Economy, anasiyidwa kunja kwa chikhululukirocho, ndipo ambiri mwa iwo sasinthika n'komwe. Mng'ono uja, a Kusiyana kwa Mtengo, sanasunthe pampando. Ndipo kunja kwa America, kuno kwathu komwe, a Chindapusa akuyendabe ndi tayi pakhosi. Munthu amene maliro ake analengezedwa m'manyuzipepala, lero akutolerabe ndalama, ndi woyenera kumuvulira chipewa.

Tsono inu owerenga, mlendo wolemekezeka chotere musamakumane naye mwadzidzidzi. Musanalipire tikiti, funsani kuti kusintha tsiku ndi ndalama zingati, kulephera kubwera ndi zingati, ndipo ofesi imene mukugulako imawonjezerapo zingati. Yerekezani ndi mtengo wa tikiti yosinthika, chifukwa nthawi zina kusiyana kwake n'kochepa kuposa chindapusacho. Mukaona kuti ulendo walephereka, imbani ndege isananyamuke, malume aja asanafike. Kukagwa maliro a m'bale wapafupi, funsani ngati kampani imakhululuka mukaonetsa kalata ya imfa, chifukwa ena amatero koma sayamba okha kunena. Kampani ikasuntha yokha nthawi ya ndege yanu, pemphani tsiku lokukomerani, poti pamenepo kusintha nthawi zambiri kumakhala kwaulere. Ndipo ngati ulendo ukukhudza America, mwagula kukampani komweko kudakali masiku asanu ndi awiri kapena kuposa, lamulo limakupatsani maola 24 oti musinthe maganizo osataya kanthu. Koma ngati mukufuna kuti a Chindapusa apitirire kunenepa monga akuyenera, musachite chilichonse mwa zimenezi. Ingochongani kabokosi kaja n'kulipira. Safunsa ndiye amadyetsa banja lonseli.