Ndowa ya Aneba Yalowa M'filimu

Kuyenda ndinayamba kalekale, Kamuzu akadali ndi litchowa m'manja, ndipo palibe anadandaulapo ndi kayendedwe kanga. Ndayenda m'minda ya nzimbe chikwanje chili paphewa, ndayendapo wapansi kuchoka pa Dwangwa mpaka ku Ngala patapata ataduka. Koma mwezi watha kamnyamata kena ka ku Lilongwe, kovala kabudula ndi kapusi yotembenuza, kanandiuza pamaso pa gulu kuti sinditha kuyenda.

Zinayamba ndi uthenga wa amfumu, woti kwabwera anthu ojambula filimu ndipo akufuna anthu odzaza malo kudoko. Ine mtima unagunda. Alamu anga a ku Kasungu satipumitsa chiyambire 2017, pomwe Chiwetel Ejiofor anabwera kudzajambula filimu ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe uja anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Filimuyo itatuluka pa Netflix mu 2019, alamuwo anayamba kuyenda nayo m'foni. Pa maliro, pa chinkhoswe, amaiimitsa penapake n'kuloza kadontho m'chigulu cha anthu: "Ameneyo ndine." Kadonthoko kalibe nkhope, koma tonse timavomera chifukwa amatigulira zakumwa.

Komanso musaiwale kuti zisudzo zimafikitsa munthu patali. Manganya wa mu Tikuferanji tinkamuseka tonsefe, koma mu 2024 a Michael Usi analumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti. Ine sindinkafuna zambiri. Ukhansala wokha unali wondikwanira.

Usiku womwewo amake mwana anatulutsa suti ya ukwati, n'kuisita ndi ayironi ya makala. M'mawa ndinatsetserekera kunyanja fungo la m'sutikesi likunditsata, ana akundithamangira pambuyo. Nditafika, mayi wina woyang'anira zovala anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Bambo, mwatchena ndithu. Koma ife tikufuna asodzi osauka."

Anandipatsa malaya ndi buluku zoti ndi za munthu wovutika. Abale anga, malaya aumphawi aja anali ndi mabatani onse. Kolala inali yosatha. Anali abwino kuposa omwe ndinasiya pachingwe kunyumba. Mayiyo ataona kuti akuwala kwambiri anawapaka dothi, ine mtima ukuwawa, ndipo ndinafunsa mwaulemu ngati ndingapite nawo tikamaliza. Anaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala.

Kenako tinayamba ntchito yeniyeni ya filimu, yomwe ndi kudikira. Tinadikira kuti dzuwa likwere. Litakwera tinadikira kuti mtambo uchoke. Mtambo utachoka, mwera unayamba ndipo mnyamata wogwira ndodo yaitali yokhala ndi chiubweya kunsonga anati akungomva mphepo yokhayokha. Mphepo itachepa, thirakitala yonyamula nzimbe inadutsa chapatali, kenako tambala, kenako chigayo. Munthu mmodzi anatumidwa kukapempha a chigayo kuti athimitse kaye, ndipo amayi omwe anali pamzere ndi chimanga chawo anamuyankha mawu amene nyuzi ino singasindikize.

Nkhani ya filimuyo, mmene ndinaimvera, ndi ya mtsikana amene bwenzi lake likumusiya kupita ku Johannesburg. Awiriwo amaima pafupi ndi bwato n'kumatsanzikana. Ine udindo wanga unali kunyamula ndowa ya usipa paphewa, kuchoka pabwato lina kukafika pathandala, kudutsa kumbuyo kwawo. Ndowa anati tibwere nazo tokha, choncho ndinabwereka kwa aneba, yabuluu, yatsopano. Malamulo anali awiri: osayang'ana kamera, osatulutsa mawu. Mukafuna kucheza, muzingogwedeza milomo.

"Akishoni!"

Ndinanyamuka. Ndinaganiza kuti poti dziko lonse lidzaona, ndiyende mwaulemu wake, chifuwa patsogolo, phazi lililonse likuponda motsimikiza.

"Kati! Madala a ndowa, simuli pa perete. Yendani mmene mumayendera masiku onse."

Apa ndiye panagona vuto. Munthu akakuuza kuti uyende mmene umayendera masiku onse, umazindikira kuti sunadziyang'anepo ukuyenda. Umayamba mwendo uti? Dzanja lopanda ndowali limapita kuti? Ndinayesa kuligwedeza, linkapita limodzi ndi mwendo wa mbali yomweyo. Ndinaliika m'thumba, anati msodzi sayenda choncho. Ndinalisiya lende, anati ndikuoneka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Anyamata a pamadoko, omwe ndimawadziwa kuyambira ali m'matewera, anali gone pamchenga ndi phwete.

Miyendo itayamba kugwirizana, kunabuka nkhani ina. Panjira yangayo anakhazikapo mkulu wina wosoka ukonde, ndipo mkuluyo ndi malume awo a amake mwana, amene anandilandira pa chinkhoswe. Inu mungadutse munthu wotero ngati chitsa? Ndinatsitsa ndowa pang'ono.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Kati!"

Ulendo wotsatira ndinangogwedeza milomo monga anatiuzira. Malume, amene makutu anayamba kuwavuta, anakuwa kuti, "Mukuti bwanji, mkamwini? Kwezani mawu!" Ulendo winawo ndinadutsa duu, maso kutsogolo. Wojambula anati zakhala bwino kwambiri. Malume mpaka lero sakundiyankhula.

Amene anandimvetsa chisoni ndi mtsikana uja. Ankamudontheza timadzi m'maso kuchokera m'kabotolo, n'kulira, mnyamatayo n'kumusiya. Akatero amabwerera pamalo pomwe anayambira, timadzi tina, kulira kwina, kumusiyanso. Gogo wina amene anamuika kuti azisankha usipa pathandala anapirira mpaka analephera. Anaimirira pakati pa kujambula n'kunena kuti, "Mwanangu, musiye apite ameneyo! Akubwereranji ngati sakukufuna?" Kwa ine mawu amenewa ndi amene anali abwino kuposa onse olembedwa papepala, koma anawadula.

Dzuwa litafika paliwombo, usipa wa m'ndowa unayamba kunena zake. Madzi ake ankatsika m'khosi, kudutsa pamsana, mpaka m'buluku la eni ake. Ntchentche za Dwangwa yense zinabwera kudzaonera filimu paphewa panga, ndipo kuziingitsa kunali koletsedwa chifukwa ulendo woyamba sindinaingitse, ndiye zithunzi sizikanagwirizana. Nthawi ya nkhomaliro akuluakulu a filimu analowa mu tenti momwe munkachokera fungo la nkhuku. Ife anatipatsa banzi ndi botolo la madzi. Madzi, kwa anthu amene taima m'mphepete mwa nyanja ya Malawi.

Madzulo ndinabweza malaya aumphawi, ndinavala suti pathupi lonunkha nsomba, ndipo ndinalandira envulopu. Amake mwana anaitsegula n'kuyamba masamu: makala a ayironi, sopo wochapira suti, ganyu imene ndinajomba tsikulo, ndi nkhuku yokapepesera malume. Anati ndatsala ndi ngongole kwa iwo.

Mbiri yokha ndiyo inayenda bwino. Wagolosale amene ndili naye ngongole ya shuga anayamba kundipatsa moni wa "bwana" kwinaku akutsegula kope. Kumpingo anandiika m'komiti ya malata. Mphwanga wina anaimba foni kuchokera ku Nkhotakota pa boma kuti mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo banja lonse likuyang'ana kwa ine.

Sabata yatha kachidutswa ka filimuyo kanafika pa WhatsApp. Tinasonkhana khonde lonse pa foni imodzi. Mtsikana akulira, bwato likuoneka, malume akuoneka bwinobwino mpaka ndevu. Kenako kumbuyo kunadutsa ndowa yabuluu, yokhayokha, pansi pake pali khutu ndi zala zinayi. Ana anakuwa kuti, "Ndowa ya aneba!"

Aneba anamva. Akuti popeza chimene chikuoneka ndi katundu wawo, envulopu ija inali yawo, ine ndinali wongonyamula. Ndawauza kuti khutulo ndi langa. Iwo akuti ndibweretse umboni. Nkhaniyi ili kwa amfumu Loweruka likubwerali, ndipo mboni yokhayo imene inaona zonse ndi malume.