Penshoni ya pansi pa suti

Ndiulule ndekha akunyumba asanandiululire: kwa zaka zitatu ndinasunga gemu ya mpira m'sutikesi, pansi pa suti yanga ya ukwati, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndiyo penshoni yanga.

Matendawa anandigwira mu July 2021. Ndinawerenga pa foni kuti gemu ya Super Mario 64 yosamatula yagulidwa madola 1.56 miliyoni pa malonda a Heritage Auctions ku America. Chakumayambiriro kwa chaka chomwecho, Super Mario Bros. inali itapita pa madola 660,000. Imeneyo mwini wake anaigula mu 1986 kuti ikhale mphatso ya Khirisimasi, n'kuiiwala m'dirowa. Kulemera chifukwa choiwala! Ine amene ndimaiwala mpaka tsiku la lendi ndinaona kuti luso langa lapeza msika.

Mwezi utatha ndinalowa m'tauni n'kugula gemu ya mpira ya chaka chimenecho, ili m'pulasitiki mwake. Anyamata anga awiri, amene amalume awo a ku Joni anawatumizira PlayStation, anavina poiona.

"Adadi, titsegule?"

"Wokhudza pulasitikiyi akagona ku khola la nkhuku."

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkadzitsekera kuchipinda kukaona ngati mphemvu zalawako. Wina akadandaula ndinkangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene anandigwetsa ndi mayi a kunyumba, ochita geni ya chimanga. Tsiku lina akupeta anandifunsa kuti, "Kodi bambo, ofanana ndi katundu wanuyu alipo angati?"

Ndinakonza kukhosi n'kuyamba kuwaphunzitsa. Super Mario 64 inagulidwa makope oposa 11 miliyoni, choncho gemuyo payokha si yosowa. Chosowa ndi kope limene mwana wa mu 1996 sanaling'ambe, lopanda pophwanyika ngakhale pakona. Lija la 1.56 miliyoni, kampani yoyesa magemu ya Wata inalipatsa 9.8. Ndikulankhula chonchi ndinayamba kumva ndekha pamene pakudontha.

"Nanga amene anawerenga nkhaniyo ndi inu nokha?" anatero. "Chimanga chimadula mu February chifukwa nkhokwe zauma. Mudzi wonse ukabisa matumba kudikira February yemweyo, mugulitsa kwa yani?"

Usiku umenewo ndinafufuza zimene ndinayenera kufufuza ndisanatulutse ndalama. Pali magemu amene chiwerengero chake chinatsekedwa kalekale. Makatiriji agolide a Nintendo World Championships a mu 1990 anapangidwa 26 okha, ndipo wogula amadziwa kuti sipadzabadwa ena. Magemu osamatula ali ndi vuto lina: palibe amene anayendera madirowa onse a ku America. Mtengo ukamveka, anthu amathamangira kukafukula m'makatoni akale, ndipo kope lililonse lotuluka limadya mtengo wa anzake. Wata itayamba kufalitsa chiwerengero cha makope amene inayesa, ogula anayamba kuwerenga asanapereke ndalama, ndipo mitengo yambiri ya mu 2021 sinabwererenso. Tsono yanga ya mpira, imene imatuluka chaka ndi chaka mamiliyonimamiliyoni, inali ngati mango a mu December.

Komabe ndinaisunga miyezi ina, poopa manyazi. Pomaliza ndinaitana anyamata pa balaza, n'kuwapatsa ndi manja awiri ngati ndikupereka chikho.

Wamkulu anaitembenuza, n'kuwerenga chaka. "Adadi, osewerawa anasamuka matimu kalekale. Ena anapuma. Ife tikusewera yatsopano kwa anzathu."

Ndinamatula ndekha. Pulasitikiyo mayi anaitola n'kukolezera mbaula. Wamng'ono anandimvera chisoni n'kusewera nane kamodzi. Anandichinya zigoli 7, ine osaona golo, kenako anapempha ya kabaza kuti apite kwa anzake.