Wayilesi sichiza beringi

Ku Gaborone kuno, beringi ya galimoto ikayamba kulira, mankhwala oyamba ndi kukweza wayilesi. Achiwiri ndi kunamizira matayala. Mwini Honda Fit yogula ku Mogoditshane amachita kulumbira kuti phokosolo ndi la phula la kuno, chonsecho limakula akaponda moto ndipo limasintha akakhotetsa chiwongolero. Phula silidziwa kumanja ndi kumanzere, abale.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Kwezani galimoto pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamachita gwedegwede, kapena likamalira ngati chigayo mukalizunguza, beringi yatha. Yakutsogolo kwa Fit imafuna makina okanikizira polowetsa, osati nyundo ya makaniko wa pansi pa mtengo, yemwe amaipha isanayende n'komwe, kenako n'kumanyoza amene anaipanga.

Koma m'bale wathu amadikira Disembala, n'kupakira firiji, matiresi ndi alamu awiri, ulendo wakumudzi kudzera pa mlatho wa Kazungula. Beringi imapirira mumsewu wa A1 mpaka cha ku Palapye. Kumeneko mapula (ndalama za kuno) a Khirisimasi amakathera kwa okoka galimoto.